Mabatani Makumi Anayi

Anatha masabata atatu Phee osapondanso mu ofesi mwanga, ndipo ine ndinafika poyamba kudana ndi chitseko. Chikangolira ndinkadzutsa mutu msanga ngati ndaitanidwa, n'kupeza kuti ndi abwana akufuna sitepula, kapena ndi mphepo chabe. Tsiku lina ndinachithira mafuta kuti chisiye kundinamiza. Zinangoipiraipira, chifukwa tsopano ndinkadzutsa mutu ngakhale chisanalire.

Ndimagwira ntchito ku ofesi yoona za usodzi, ndipo yanga ndi yowerenga nsomba zomwe zili pansi pa madzi, zomwe sindinazionepo ndi maso. Asodzi atamva zimenezi tsiku loyamba anaseka mpaka kugwira nthiti. Kuyambira pamenepo, padoko palibe amene amandidziwa ndi dzina lina koma Mayi Masamu.

Komatu njira yake si yamatsenga. Kumayambiriro kwa nyengo tinagwira nsomba 600 zamoyo, iliyonse n'kuimangirira kapulasitiki kachikasu pachipsepse, kenako n'kuzibwezera m'madzi pamalo odikha kuseri kwa nyumba ya mapampu. Asodzi anati timapulasitikito ndi mabatani, dzina n'kukhala lomwelo. Ndinawapempha kuti aliyense wopeza batani pansomba yake abwere nalo ku ofesi. Chiwerengero cha nsomba zonse za m'nyanjamo ndinachitcha x, popeza sindinkachidziwa. Zamabatani zikabalalika n'kusakanikirana ndi zinzake, chotsala n'kugawa basi: ngati pa nsomba 100 zilizonse zogwidwa imodzi ili ndi batani, ndiye kuti 600 zanga zija ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a x.

Phee amayendetsa boti la bambo ake, lolembedwa nambala 7. Dzinalo anamupatsa ndi anzake chifukwa mawu amawaumira ngati amachita kugula. Tsiku loyamba anabwera ndi batani limodzi m'chikhatho, analiika patebulo n'kuima poteropo ngati wodikira jakisoni. Ndinalemba m'buku, ndinathokoza, iye osachoka.

"Palinso china?"

"X ameneyu ndani?" anafunsa, akuloza pabolodi.

Ndinamufotokozera kuseri kwa envulopu. Anamvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene ngakhale abwana sanachitepo, kenako anaipinda envulopu ija n'kuika m'thumba. Mkucha wake anabweranso ndi batani lina.

Mwezi wachiwiri tinkadyera limodzi masana pamasitepe a kuseri kwa ofesi. Mwezi wachitatu anatulutsa mawu ambiri kuposa onse omwe ndinali nditamumvapo. Anati, "Ine kulankhula sindidziwa. Koma ndikadzuka ndimaganiza za iwe, ndikakhala pamadzi chimodzimodzi. Uone wekha chochita nazo." Chochita nazo ndinachiona, ndipo sindinatenge sabata.

Mwezi wachinayi ndinatulutsa nambala. Maboti khumi anali atatsitsa nsomba 9,000, mabatani obwera ku ofesi 90. Imodzi pa 100. X anatuluka 60,000. Nsomba zathuzi zimawonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo asanu pachaka, choncho zoti anthu agwire popanda kuimaliza nyanja zinali 12,000 zokha. Chaka chapitacho anali atagwira 20,000. Abwana anasaina, maboti anayi anakokeredwa pamtunda, awiri mwa iwo a wapampando wa eni maboti, amene aliyense amangoti a Tcheya.

A Tcheya ndiwo bambo ake a Phee.

Uthenga womaliza wa Phee unali wa mawu asanu: "Bambo akwiya kwambiri. Ndipatse nthawi." Nthawi ndinamupatsa, koma ndisabise, ndinkamupukwa. Ndinkapukwa fungo la dizilo ndi sopo pamalaya ake, ndi kakhosomo kamene ankayamba nako asananene chilichonse.

* * *

Loweruka ndinakhala pampando wa pabalaza, foni ili m'manja, achemwali anga akusita. Ndimakhala nawo chiyambireni ntchito. Ndi telala, ndipo lilime lawo n'lakuthwa kuposa sizasi yawo.

"Foniyo ikanakhala dzira bwenzi pano itaswa mwanapiye, mmene ukuifungatiramo," anatero osandiyang'ana n'komwe.

"Ndikuwerenga nkhani."

"Nkhani yake yosatha masabata atatu? Ndiwerengere nanenso."

Ndinali nditalembera Phee kuti, "Ndakusowa." Ndinafufuta. Ndinalemba kuti, "Ngati zatha ungondiuza, ndine wamkulu." Ndinafufutanso, chifukwa akanayankha kuti inde ukulu wangawo ukanathera pomwepo. Pamapeto pake ndinatumiza funso limene munthu amafunsa ngakhale mlonda wa pageti: "Uli bwanji?"

Uthenga unafika. Unawerengedwa. Pamwamba panaoneka kuti akulemba. Analemba, analemba, kenako zii.

"Walemba chiyani?" anafunsa achemwali, amene amaona zonse ngakhale atakufulatira.

"Palibe."

Anaimika simbi n'kudzakhala pambali panga. "Tamvera. Mnyamatayo ndilibe naye chifukwa. Anabwera kuno kamodzi, anakonza mpopi wodontha osauzidwa, anadya zomwe ndinamupatsa osafunsa kuti ndi chiyani. Koma mwamuna woti bambo ake akakhosomola iye n'kubisala, udzakwatiwa ndi onse awiri. Wamng'onoyo azidzakukonda, wamkuluyo azidzakulamula."

"Simukumudziwa, achemwali."

"Iwe ukumudziwa? Munthu wosalankhula umamudziwa bwanji?"

Ndinafuna kuwauza kuti ndimamudziwa ndi mmene amandisunthira kumbali ya mthunzi tikamayenda, ndi mmene anasungira envulopu yanga ngati satifiketi. Koma zinthu zoterezi ukazitchula pamaso pa mkulu wako zimaoneka zopepera. Ndinangotenga malaya omwe anali atasita n'kuyamba kupinda, molakwitsa, iwo n'kundilanda.

* * *

Lolemba m'mawa chitseko chinatseguka osalira, ndipo wolowa anali mtsikana amene sindinkafuna kumuona ngakhale kumaloto. Bambo ake ndi eni chipinda chozizira cha padoko, iye ndi amene amagulitsa ayezi kwa maboti, ndiye onse amangoti Wa Ayezi. Ndisamunamizire, ndi wokongola, ndipo mwini wake amadziwa.

"Odi muno, asisi. Ndabwera ndi pepala la chilolezo chathu."

"Zimenezo ndi za chipinda chachiwiri."

"Ndikudziwa. Ndangoti ndikuoneni, anthu akuti mwaonda." Anakhala pampando osauzidwa, mpando womwewo umene Phee ankakana kukhalapo poopa kuudetsa. "Phee anali kwathu dzulo, amatikonzera chitseko cha firiji. Anachita kumutuma ndi mayi ake. Mayi aja amandikonda, kaya anandiona chiyani."

"Chitseko chikutsekeka tsopano?"

"Bwinobwino. Ali ndi manja abwino, inunso mukudziwa."

Ndinagwira cholembera mwamphamvu mpaka chala chinayera. Nsanje ndi matenda ochititsa manyazi kwa munthu amene anapita kusukulu, koma sukulu sichiza. Ndinamuona Phee m'maganizo atagwada pachitseko chija, uyu ataima pambali akumupatsira sipanala.

"Koma inu ophunzira mumandisangalatsa," anapitiriza, akuyang'ana pabolodi langa. "Za pansi pa madzi mumawerenga, za pamaso panu ayi."

"Nenani zomwe mwabwerera, ndili ndi ntchito."

"Ine sukulu ndinalekera panjira, ndimangodziwa ayezi. Boti lopita kutali limatenga mabuloko anayi, apo ayi nsomba zifika zitanunkha. Miyezi itatu yonse ija, Lachiwiri ndi Lachisanu, nambala 7 inkatenga buloko limodzi. Limodzi, asisi. Wotenga limodzi sakupita kutali." Anaimirira n'kuwongola siketi. "Mudzamufunse kumene ankatchera ukonde masiku amenewo. Musade nkhawa, sindinauze munthu. Ine ntchito yanga ndi yosunga zinthu kuti zisawonongeke."

Anatuluka, pepala lake la chilolezo lili m'manja, osalowa n'komwe m'chipinda chachiwiri.

* * *

Ndinatsegula buku la mabatani, ndipo sindinafunike makina owerengera. Pa mabatani 90, makumi anayi anachokera m'boti limodzi. Nambala 7, nambala 7, nambala 7, tsamba lonse mpaka kuseri. Boti limenelo linatsitsa nsomba 1,000 zokha. Maboti enawo asanu ndi anayi anatsitsa 8,000, mabatani awo 50.

Ndinawerengera popanda nambala 7. Imodzi pa 160. X analumpha kufika 96,000, zololedwa kugwira 19,200. Ndinabwereza katatu, ndikuyembekeza kuti ndalakwitsa, koma masamu alibe chisoni ndi munthu.

Chowawa kwambiri n'chakuti manambalawa sanabisale. Ndinawalemba ndekha, ndi dzanja langali, kamakumi anayi, ndikumwetulira. Wophunzira wa chaka choyamba akanafunsa kuti boti limodzi likupeza bwanji mabatani onsewa. Ine sindinafunse, chifukwa batani lililonse linkabwera ndi munthu amene ndinkafuna kumuona. Ndipo chifukwa cha kumwetulira kwangako, amuna khumi ndi awiri anali atakhala pamtunda masabata atatu, akuyang'ana anzawo akupita kumadzi.

Ndinalembera Phee: "Tionane mawa masana. Si za ife, ndi za ntchito."

Yankho linabwera mphindi imodzi isanathe: "Kushedi ya maukonde, 1 koloko."

Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Pa za ntchito amayankha msanga chonchi, pa za moyo wanga ayi. Komabe mtima wopanda manyaziwu unadumpha, chifukwa mawa ndinali kukamuona.

* * *

Mushedi munali kutentha, malata akulira ndi dzuwa. Anzake anali atapita kukadya. Ndinamupeza atakhala pakreti, ukonde uli pamaondo, singano yamtengo ikulowa ndi kutuluka. Atandiona anaimirira, ukonde n'kugwa pansi.

"Waonda," anatero.

"Nawenso."

Ndinali nditakonza mawu okalipa njira yonse, koma atangoima pafupi mawuwo anabalalika. Ndinakumbatira fayilo yanga pachifuwa kuti manja asachite zawozawo.

"Lachiwiri ndi Lachisanu unkatchera kuti?"

Anakhosomola pang'ono. "Kuseri kwa mapampu."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinalipo tsiku lomwe munkabwezera nsomba zamabatani zija m'madzi. Zambiri sizinapite kutali, zinakhazikika pomwepo, pansi pa mapaipi pali mthunzi. Iwe unanena wekha pamsonkhano kuti batani lililonse ndi lofunika. Ndinati ndikuthandize upeze ambiri, abwana ako akuyamikire."

"Ndi zokhazo?"

Anayang'ana pansi. "Ayi. Popanda batani ndikanalowa bwanji mu ofesi mwako? Ndikanati ndabwera kudzatani? Tsiku lina ndinapeza asanu ndi limodzi. Ndinawasunga m'bokosi la machesi, n'kumabweretsa limodzilimodzi kuti asathe msanga."

Ndinafuna kumumenya ndi fayilo ija, ndinafunanso kuitaya n'kumugwira. Palibe mwamuna amene anandichitirapo chinthu chokoma chonchi, ndipo palibenso amene anandiwonongerapo ntchito chonchi.

"Ukudziwa chomwe unachita? Ukonde umayenera kugwa paliponse, osasankha. Iwe unasankha. Unandiuza kuti nyanja yonse yadzaza mabatani, ndipo mabatani akachuluka x amachepa."

"Ndikudziwa."

"Unadziwa liti?"

"Tsiku lomwe munalengeza nambala. Ndinatulutsa envulopu ija n'kuwerengera ndekha. Ndinachedwa, masamu ndinawasiya kalekale, koma ndinafika." Anatola singano n'kuitembenuzatembenuza. "Bambo anandiletsa kubwera, n'zoona. Koma akanandiletsa okha ndikanabwera. Ndinalibe nkhope yobwera nayo. Amuna aja ndimakumana nawo m'mawa uliwonse, amandipatsa moni, amatukwana iwe. Ine n'kumangokhala chete."

"Loweruka unkalemba chiyani?"

"Zomwezi. Zinatalika, ndinafufuta."

"Nanga chitseko cha firiji?" Funsoli linatuluka lokha, sindinalitume.

Kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso, ndipo pakamwa pake panaoneka ngati kumwetulira. "Mahinjesi awiri. Ndinamanga, ndinasamba m'manja, ndinapita. Tiyi ndinakana."

Manyazi anandigwira, koma mtima unakhala pansi pang'ono. Tinakhala pakreti imodzi, mapewa akukhudzana, tonse tikuyang'ana ukonde uli pansi.

"Ndiyenera kulembera abwana," ndinatero. "Ndiyenera kuwauza chifukwa chimene ndikuchotsera nambala 7 m'masamu. Palibe njira yolembera popanda kutchula botilo."

"Ukalemba, bambo sadzafuna kumva za iwe mpaka kalekale."

"Ndikapanda kulemba, maboti anayi akhalabe pamtunda chaka chonse."

Ndinapemphera mumtima pemphero loipa, loti andiletse. Akanati usalembe, mwina ndikanakwiya naye, kupukwa n'kuchepako.

"Lemba," anatero. Anagwira dzanja langa, chikhatho chake chokhakhala ndi chingwe. "Bambo ndiwauza ndekha. Asamve kwa wina."

Kunja kunamveka mawu a anzake akubwerera. Anasiya dzanja langa, ndipo ndinatulukira khomo la kuseri, dzanjalo likumvabe kutentha.

* * *

Lachitatu ndinafika ku ofesi wosesa asanamalize. Kalata ndinailemba kanayi. Ndinayamba ndi zolakwa zanga: kuti nsomba zonse ndinazibwezera pamalo amodzi, kuti sindinaone kuti boti limodzi likubweretsa mabatani ochuluka mosayenera, komanso kuti woyendetsa botilo ndi bwenzi langa. Mawu akuti bwenzi ndinawayang'ana mpaka anayamba kuoneka achilendo. Ndinafotokoza kuti 60,000 ndi yochepa kwambiri, kuti 96,000 mwina yapitirira popeza zamabatani sizinabalalike bwino, ndipo ndinapempha kuti maboti awiri abwerere kumadzi pompano, enawo tikabwereza ntchito yonse ndi mabatani atsopano, obwezera malo osiyanasiyana. Ndinapemphanso msonkhano wa eni maboti Lachisanu.

Abwana anali atapita kumsonkhano wina mpaka masana. Ndinasiya kalatayo patebulo pawo, ndinaitsindika ndi sitepula kuti isauluke, n'kupempha kuweruka msanga chifukwa mutu unkandiwawadi.

* * *

Cha m'ma 4 koloko ndili chigonere, achemwali analowa kuchipinda akuwongola duku.

"Dzuka, samba kumaso. Kwabwera mlendo, wavala jekete."

Pabalaza panali a Tcheya. Ndinali nditawaona kambirimbiri pamisonkhano akumenya tebulo, koma apa anali atakhala kumphepete kwa mpando, chipewa chili pabondo, akuoneka okalamba kuposa mmene ndinkawadziwira. Mphumi ndi ya Phee yeniyeni. Achemwali anabweretsa tiyi m'makapu a alendo aja, kenako anapita kukakhala pamakina awo osokera, osasoka kanthu, makutu ali kuno.

"Mayi, pepani ndabwera osakudziwitsani," anayamba. "Sindipita m'mbali. Mwana wanga wandiuza zonse dzulo."

"Inde, bambo."

"Mwana uja chibadwire sanandiyankhepo. Ndikati kumanja, iye kumanja. Dzulo anaima pakati pa nyumba, pamaso pa mayi ake, n'kunena kuti cholakwa ndi chake, ndipo kuti ngakhale ndimulande boti, inu sakusiyani. Mayi ake mpaka pano akulira." Anamwako tiyi pang'ono. "Ndinakwiya, sindinama. Koma m'mawa uno ndadzuka ndikuganiza kuti mkazi amene wamulankhulitsa mwana ameneyu si mkazi wamba."

Ndinaluma mlomo kuti misozi isatuluke. Sakundisiya. Ananena zimenezo, mokweza, pamaso pa anthu amene amawaopa kwambiri padziko, ndipo ine ndinalibe mwayi wozimva ndi makutu anga.

"Tsono chomwe ndabwerera ndi ichi," anapitiriza a Tcheya. "Nambala ikonzedwe, maboti abwerere kumadzi, zimenezo n'zabwino kwa tonse. Koma dzina la mwana wanga lisamveke. Maboti anga onse adzakhala m'manja mwake. Amuna aja akadziwa kuti ana awo agona ndi njala masabata atatu chifukwa iye ankafuna kuona nkhope ya mtsikana, palibe amene adzakwerenso boti lake. Ena mwa iwo ndimawadziwa mitima yawo, sadzathera pa mawu okha."

"Ndiye ndinene chiyani, bambo?"

"Munene kuti munalakwitsa nokha powerengera. Aliyense amalakwitsa. Buku lija ndi pepala, likhoza kulembedwanso."

"Ndikanena choncho andichotsa pantchito ino. Komanso palibe msodzi amene adzabweretsenso batani. Adzati masamu a mayi uja ndi bodza, aliyense azigwira mmene akufunira. Pakatha zaka zisanu sipadzakhala chogwira, bambo. Ngakhale maboti anu."

"Za zaka zisanu tidzaziona. Ine ndikunena za Lachisanu." Anaika kapu patebulo mosamala. "Mayi ake ali ndi mtsikana wawo amene akumufuna, mukumudziwa. Nkhani imeneyo ndikhoza kuitseka lero lomwe. Mukamuteteza mwana wanga, pakhomo panga ndi panu. Ndidzabweranso pampando uno ndi jekete lomweli kudzalankhula ndi akulu anuwa, masana, anthu akuona. Za ntchito musadandaule, mpongozi wanga savutika."

Kumakina osokera kunamveka kakhosomo. Sindinacheuke.

Ndikanakonda kunena kuti ndinakana pomwepo, mutu uli m'mwamba. Sizinali choncho. Ndinaona Phee akulowa pakhomo lino popanda kubisala, akukhala pomwe akhala bambo akepa, achemwali akumuseka kuti alankhuleko. Ndinaona masana onse amene tikanadyera limodzi. Ndinayamba kuwerengera mumtima kuti abwana mwina sanabwerere ku ofesi, kuti kiyi ndili nayo, kuti ndikakwera njinga yamoto mphindi khumi zokha kalata ija ikhala m'chikwama mwanga, ngati sinalembedwepo. Ndinkamufuna munthu uja moti bodza linayamba kuoneka laling'ono.

"Mayi?" anatero a Tcheya mofatsa. "Ndikudikira."

Ndinatsegula pakamwa. Foni yanga inanjenjemera patebulo, pafupi ndi kapu yawo, dzina la abwana likuwala. Ndinapepesa n'kuitenga.

"Kalata yanu ndawerenga. Mwachita bwino kunena zoona, zina tikambirana mawa. Poti nkhaniyi ikukhudza anthu ambiri, ndajambulitsa kope n'kukhoma pabolodi la padoko kuti eni maboti ndi antchito awo awerenge Lachisanu lisanafike. Anthu adzaza kale pamenepo."

Ndinawerenga kawiri. Nthawi ngati imeneyo nambala 7 imakhala ikufika padoko, Phee ali kutsogolo ndi chingwe m'manja, akuyang'ana woti amuponyere.

Ndinadzutsa mutu. A Tcheya anali akundiyang'anabe mwaulemu, nkhope ili ndi chiyembekezo, akudikira yankho la mpongozi wawo. Kenako foni yawo inayamba kulira m'thumba la jekete, ndipo anandipepesa kaye asanayankhe.